Maphunziro a akapitawo achinyamata: za ku hotela zinali zamasewera, zenizeni zinachitikira pa uvuni

Ndimayendetsa bekale ku Limbe. Timaphika buledi, masikono ndi mabanzi, makeke a ukwati apo ndi apo, ndipo tikawerenga madalaivala ndi alonda omwe, ogwira ntchito amapitirira 40. Kuyambira mu Seputembala 2023 mpaka mu Malichi 2024 ndinalipira kampani ina ya mu Blantyre momwe muno kuti isule achinyamata anga anayi pa ntchito ya ukapitawo. Papita nthawi yokwanira yoti ndinene za maphunzirowo mtima uli m'malo. Gawo limene ankachitira kuntchito kwathu kuno ndingalilipirenso mawa m'mawa osanenerera. Koma masiku atatu a ku hotela aja ndalama zake zinangolowa m'madzi, ndipo ndiwo anadya chigawo chachikulu cha mtengo wonse.

Dzina la kampaniyo sinditchula. Madandaulo ndili nawo angapo, ndipo Blantyre ndi yaing'ono, eni akewo timakumana nawo pa maliro ndi pa zinkhoswe. Komanso makampani otere achuluka masiku ano ndipo malonda awo ndi amodzimodzi, moti zimene ndinene pano mukazipeza kwa ambiri a iwo. Athuwa anatigulitsa zinthu zitatu mumtolo umodzi: masiku atatu a m'kalasi ku hotela ina ya ku Mangochi, mphunzitsi woti azibwera kuntchito kawiri pa mwezi mpaka maphunziro atatha, ndi gulu la pa WhatsApp loti ophunzira azifunsirapo mafunso. Mtengo wa munthu mmodzi unkayandikira malipiro a kapitawo a miyezi itatu. Kwa ife a buledi, amene phindu timaliwerenga pa lofu imodziimodzi, imeneyo si ndalama yoseweretsa.

Chimene chinandikakamiza akuchidziwa aliyense wolemba anthu ntchito m'dziko muno. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali asanakwanitse zaka 18. Ana amenewo ndi omwe akugogoda pa mageti athu lero. Kwathu kuno ambiri a shifiti ya usiku sanafike zaka 30, pomwe akapitawo akale akupuma mmodzimmodzi, ena miyendo yayamba kukana kuima usiku wonse. Chizolowezi cha m'mabekale n'chakuti amene amakanda ndi kuumba mwachangu kuposa anzake ndiye amapatsidwa makiyi. Mapeto ake umataya wophika wabwino n'kupeza kapitawo wolalata, chifukwa luso la m'manja silimuuza munthu chochita mnzake akabwera ataledzera, kapena magetsi akathima buledi ali mu uvuni.

Ndinatumiza mnyamata wa ku Ndirande wa pa makina okandira ufa, wanzeru koma waphuma. Mtsikana wotulutsa katundu pa geti, yemwe anayamba ngati wolongedza buledi m'mapepala. Mnyamata wofatsa wa ku Chiradzulu amene anaphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja ndipo amatikonzera makina. Ndi wina wa pa kauntala yemwe pakamwa pake pamagulitsa ngakhale masikono a dzulo.

Ndiyambe ndi ku hotela, poti ndiko anayambira. Tsiku lotsiriza eni mabizinesi tinaitanidwa, ndiye ndinaziona ndi maso angawa. Mphunzitsi wamkulu, bambo wa suti wolankhula Chingelezi chotsetsereka, anali ndi pulojekita ndi zithunzi zosatha. Anaonetsa mavidiyo a mabwana a makampani akuluakulu a kunja akulankhula za masomphenya. Anawagawa ophunzira m'mitundu, uyu wofiira, uyu wachikasu, uyu wobiriwira, malinga ndi mayankho awo pa pepala la mafunso, ndipo mnyamata wanga wa ku Ndirande uja anabwerako ndi chodzikhululukira chatsopano: akakalipira munthu ankati iye ndi wofiira, anabadwa choncho. Anamanga nsanja za mapepala ndi selotepi. Anagwa chagada kuti anzawo awawakhe. Anaseka, anadya chambo, anajambulitsa.

Kuseka si mlandu, ndipo ena mwa anawa kanali koyamba kugona ku nyanja, zimenezo sindiwachitira nsanje. Koma m'masiku onsewo simunatuluke chitsanzo ngakhale chimodzi chochokera mu fakitale kapena mu shopu ya kuno. Mapepala onse anali a Chingelezi, chonsecho ambiri m'kalasimo anali anthu a MSCE amene Chingelezi amachimva koma sangatsutsiremo munthu wa suti. Oyankha mafunso anali awiri atatu ochokera m'maofesi, ena onse duu. Nkhani imene inatenthetsa mitu kwenikweni inali ya alawansi, poti makampani ena anapereka ya kugona ena ayi, ndipo okonza maphunzirowo sanatichenjeze kuti tigwirizane chimodzi ana asananyamuke.

Zinthu zinasintha atayamba kubwera mphunzitsi wachiwiri, mayi achikulire amene anagwira ukapitawo zaka zambiri mu fakitale ya tiyi ku Mulanje. Ku hotela kuja iwo ankangogawa mapepala ndi zolembera. Ulendo wawo woyamba anafika 10 koloko usiku, nthawi imene shifiti yophika imayamba, atanyamula epuloni yawoyawo, duku kumutu. Mu ofesi sanalowe. Anaima pakona, pafupi ndi matumba a ufa, mpaka buledi woyamba atatuluka, osanena kanthu. Kenaka anaitana wa ku Ndirande uja kuti awaonetse m'mene amaphunzitsira munthu watsopano kuumba lofu. Mnyamatayo anakoka waganyu wina, anaumba malofu atatu mwaliwiro, n'kunena kuti, "Basi mayi, amaonera pomwepo." Mayiwo anati, "Achimwene, inuyo mwaumba, taona. Nanga uyu wadziwa chiyani?"

Chida chawo chinali kakhadi kolowa m'thumba la malaya, ndipo ananena poyera kuti si nzeru zawo. Njirayi inayambira ku America mu 1940, pa dzina loti Training Within Industry, nthawi imene mafakitale ankafunika kupanga zida za nkhondo zambirimbiri. Amuna odziwa ntchito ankapita ku usilikali, m'malo mwawo n'kumalowa anthu oti fakitale sanaipondemo, kuphatikizapo amayi ochuluka. Boma la kumeneko linaona kuti vuto lagona pa akapitawo: ntchito ankaidziwa, kuiphunzitsa ayi. Maphunziro ake anali a maola 10 okha, ogawidwa m'zigawo zisanu za maola awiriawiri, ndipo aliyense ankatuluka ndi kakhadi. Nkhondo itatha mu 1945 boma la America linatseka ndondomekoyi, koma inakafika ku Japan, kumene makampani monga Toyota anailandira ndi manja awiri. Ndikaganiza kuti eni njirayo ankathera maola 10 pafakitale pomwepo, ife n'kulipira masiku atatu a ku nyanja, mtima umandiwawa ndithu.

Kakhadi ka kaphunzitsidwe ka ntchito kali ndi masitepe anayi. Choyamba umukhazike munthu mtima pansi, udziwe zimene akudziwa kale, umuimike poti aziona manja ako bwinobwino. Kenaka umuonetse ntchitoyo pang'onopang'ono, ukutchula sitepe iliyonse, pamene pagona chinsinsi, ndi chifukwa chake. Ukatero umusiye ayese, akufotokoza yekha chimene akuchita, mpaka iwe utatsimikiza kuti wadziwa. Pomaliza uzimuyendera, pafupipafupi masiku oyamba, n'kumachepetsa. Pansi pa kakhadiko pali lamulo lomwe mayiwo ankalibwereza mpaka ana anga kumalilota: ngati wophunzira sanadziwe, wophunzitsa ndiye sanaphunzitse.

Kumva zikumveka zophweka. Koma kuti sitepe yachiwiri itheke uyenera kukhala pansi n'kuiphwanya ntchitoyo pa pepala, ndipo apa m'pamene anyamata anatuluka thukuta. Kuumba lofu, ntchito yomwe amaichita maso ali kwina, anapeza kuti sangathe kuifotokoza. Msoko wa mtanda umayang'ana pansi mu thini chifukwa chiyani? Mchere sauthira pamwamba pa yisiti chifukwa chiyani? Mtanda umaupumitsa kaye usanauumbe chifukwa chiyani? Yankho loti "timatero basi" mayiwo sankalilandira. Pofika Disembala tinali ndi mapepala otere a ntchito zikuluzikulu zonse, m'Chichewa, omatidwa pakhoma m'mapulasitiki. Disembala ndi mwezi umene timalemba aganyu ambiri chifukwa cha Khirisimasi, ndipo chaka chimenecho sabata yawo yoyamba sinatidyere ufa ngati m'mene zinkakhalira kale.

Koma nkhani yaikulu, imene yandilembetsa zonsezi, ndi ya msinkhu. Mabuku a utsogoleri ochokera kunja sadziwa chimene chimachitika mnyamata wa zaka 26 akapatsidwa udindo woyang'anira bambo amene anayamba kuphika iye asanabadwe, amene mwina amapemphera mpingo umodzi ndi makolo ake, amenenso kwawo kukagwa zovuta ndi omwe amakhala kutsogolo. Mwana woleredwa bwino kuno sawongola wamkulu pagulu. Ndiye achinyamata amagwera mbali ziwiri. Ena amangokhala chete, ntchito n'kumaonongeka iwo akuona. Ena amadzilimbitsa mtima ndi mwano, kawirikawiri m'Chingelezi, poyesa kuti ndiwo ubwana.

Mu Okutobala, kutentha kutafika pachimake, buledi wa shifiti ina anayamba kutuluka wofufuma mopitirira, wamabowo, wa kafungo kowawasa. Wa ku Ndirande anali ataona kale kuti bambo ena a ku Thyolo, ophika athu akale kuposa onse, amatapa yisiti ndi dzanja osayeza pa sikelo. Anakawauza pamaso pa shifiti yonse, potsatira njira ya ku hotela ija yoti uyambe ndi kuyamikira, udzudzule pakati, umalize ndi kuyamikiranso. Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja pa epuloni, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukafuna kundinyoza usamayambe ndi kundinyambititsa shuga." Usiku umenewo palibe anamulankhulanso mnyamatayo.

Mayi a ku Mulanje atabwera anatulutsa kakhadi kachiwiri, ka kakhalidwe ndi anthu, kamene sitepe yake yoyamba ndi kupeza zoona zake usanaweruze. Anamufunsa ngati buledi woipayo ankatuluka masiku onse amene bambowo akanda. Atayang'ana m'kaundula anapeza kuti ayi, ankatuluka masiku amene bambowo ali pa ofu. Dzanja la mkuluyo linkadziwa nyengo: kukatentha ankachepetsa yisiti n'kuthira madzi ozizira, kukazizira mu Juni ankawonjezera. Woononga anali mnyamata wina watsopano amene anatengera katapidwe ka dzanja osatengera chifukwa chake.

Mayiwo sanapite kukamupepesera wa ku Ndirande uja. Anamuuza kuti apite yekha, nthawi ya tiyi, kuseri kwa sitolo ya ufa kopanda anthu, ayambe ndi moni ndi kufunsa za kunyumba, apepese mosazungulira, kenaka apemphe thandizo. Mawu amene anagwirizana anali akuti, "Bambo, chimene dzanja lanu limadziwa ife sitichidziwa. Tithandizeni tichiike pa sikelo kuti ana asamaononge." Kwa masabata angapo bambowo ankatapa, mnyamatayo n'kumayeza ndi kulemba, ndipo pepala la kakandidwe ka ufa m'miyezi yotentha linachokera pamenepo. Pamwamba pake analembapo dzina la bambowo. Masiku ano munthu watsopano akalowa, iwo ndi amene amamutengera pa pepalalo, ndipo amalifotokoza ngati analemba okha.

Musaganize kuti mayiwa ankaphunzitsa kugwada kokhakokha. Panali mkulu winanso amene Lolemba lililonse ankafika mochedwa akununkha kachasu, ndipo wofatsa wa ku Chiradzulu uja ankawabisira. Apa mayiwo anauma gwa. Uwaitanire pambali, uwatchule bambo, ukhale pansi usawaimirire, koma kalata yochenjeza ilembedwe ndipo asayine. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene," anatero, ndipo anamuuza kuti ngati akufuna kukondedwa ndi aliyense abweze makiyi. Ulemu wa kayankhulidwe ndi kulimba pa lamulo, achinyamata ambiri amayesa kuti uyenera kusankhapo chimodzi. Sindinaonepo mphunzitsi wina akuonetsa bwino chonchi kuti zonse ziwiri zimayendera limodzi, ndipo pa ichi chokha ndalama yanga inabwerera.

Anakhudzanso nkhani ya anzawo a msinkhu umodzi, yomwe ndi yoterera kuposa ya akuluakulu. Dzulo mumadyera mbale imodzi ya chiwaya, mumanenera limodzi abwana miseche, lero ndiwe wolemba ochedwa. Malangizo awo anali achidule. Usaleke kudya nawo, chifukwa ukayamba kudyera pawekha atha kukuuza za mpira koma za makina amene ayamba kulira mwachilendo sakuuzanso. Ndandanda ya mashifiti ndi ya ofu uziimata pakhoma sabata isanayambe kuti wina asati unakondera mnzako. Ndipo za ngongole analetseratu: kapitawo asakongoze kapena kukongola kwa munthu wa pa shifiti yake, makamaka katapila, poti munthu amene uli naye ngongole sungamulembere kalata. Izi ku hotela kuja palibe anazitchula, chonsecho aliyense wagwirapo ntchito mu fakitale amadziwa kuti tsiku la malipiro pa geti pamachitika zotani.

Mtsikana wa pa geti vuto lake linali lina. Madalaivala ndi mavenda opikula buledi m'bandakucha ndi amuna okhaokha, ndipo ankamutcha kamwana ka madamu. Makireti ankasowa, buledi wobwerera sankagwirizana ndi wolembedwa, akafunsa ankamuyankha ndi nthabwala za ukwati. Mayiwo anamuuza kuti pa geti asakangane ndi munthu, buku lizimukanganira. Kireti iliyonse iwerengedwe dalaivala akuona, asayine potuluka ndi pobwera, galimoto isadutse geti iye asanasayine, ndipo lamulo likhale limodzi kwa dalaivala wakale ndi watsopano. Kenaka anabwera kwa ine. "Mayi, akabwera kwa inu kudzadandaula muziwabweza kwa iyeyo. Mukangomusinthira chigamulo kamodzi iwo akuona, mwamuvula." Madalaivalawo anabweradi sabata yoyamba, wina mpaka kuopseza kuti asiya ntchito. Ndinawabweza onse. Palibe anasiya.

Pamenepa pali pondidandaulitsa. Nthabwala zija si nthabwala nthawi zonse, ndipo Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuzunza munthu pa nkhani za kugonana. M'maphunziro onse nkhaniyi inangotchulidwa modutsa. Kapitawo wamkazi ayenera kudziwa kokanena, wamwamuna ayenera kudziwa chochita mtsikana wa pa shifiti yake akamudandaulira pakati pa usiku. Malo ngati athu, ogwira ntchito mdima uli bii, amafunika tsiku lathunthu la zimenezi.

Tsiku lina anabweretsa munthu wodziwa malamulo a ntchito, ndipo linali tsiku laphindu. Anawadutsitsa mu Employment Act ya 2000 m'Chichewa chomveka: maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ovataimu ya tsiku wamba ola limalipidwa limodzi ndi theka, ya tsiku lopuma kapena la holide limalipidwa kawiri, tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 15 kwa wogwira asanu, mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Anawonjezera za penshoni, kuti abwana amaika 10 peresenti, wantchito 5. Koma chofunika kwambiri kwa kapitawo chinali gawo 57, loti munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kulephera ntchito asanapatsidwe mpata wonena mbali yake, ndipo nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya za ntchito, abwana ndi amene ayenera kuonetsa kuti chifukwa chinalipo. Bamboyo anawakumbutsa kuti milandu yotere nthawi zambiri imayambira pa mawu a kapitawo wokwiya akuti "mawa usabwerenso". Anachita kasewero komva mlandu, wina woimbidwa mlandu, wina mboni, wina wolemba, ndipo anabwereza mpaka aliyense atakhalapo pa mpando wa pakati.

Eni mabizinesi ena amene tinali nawo anadandaula kuti tsiku limeneli lawaonongera ana, ayamba kuwerenga ovataimu. Ine ndimaziona mwina. Kapitawo wodziwa kuti ola la munthu wa pa ofu limadula kawiri amakonza ndandanda ya mashifiti mosamala kuposa wosadziwa.

China chimene sindinkayembekeza n'chakuti mwezi wachiwiri mayiwo anakana kupitiriza mpaka ine nditalemba pa pepala zimene kapitawo angagamule osandiimbira foni. Ndi pepala limodzi lokha. Angasinthanitse anthu mashifiti, angapereke tsiku la maliro kapena la kuchipatala, angagule dizilo wa jenereta mpaka mlingo umene tinagwirizana magetsi akathima, angataye mtanda woonongeka, angaletse galimoto kutuluka. Kulemba kapena kuchotsa munthu, kupereka buledi pa ngongole ndi kusintha mtengo, zimenezo n'zanga. Mfundo yawo inali yoti udindo wopanda mphamvu ndi umene umaononga achinyamata ambiri. Anzawo amawaona ngati akazitape a abwana, abwana amawaona ngati ana, ndipo akanena chinthu aliyense amadziwa kuti chigamulo chenicheni chili mu ofesi, ndiye amangodikira kuche. Mnzanga wina wa hadiweya, yemwe anatumizanso anyamata ake, anakana kulemba pepala lotere, ati makiyi a sitolo sangapatse mwana wa eni. Mpaka lero amauza anthu kuti maphunzirowo n'ngopanda pake. Kwa iyeyo akunena zoona, ndipo aliyense woganiza ngati iye asavutike n'kulipira.

Tsopano madandaulo otsala. Kawiri pa mwezi kuja kunasanduka kamodzi kuyambira mu Januwale, chifukwa mayi omwewo ndi amene ankayendera makampani onse a gulu lathu, pa minibasi ndi pa kabaza, kampani yawo osawapatsa galimoto, pomwe bambo wa suti uja sitinamuonenso mpaka tsiku la masatifiketi. Gulu la pa WhatsApp linafa mwezi woyamba, munkangobwera mavesi a m'mawa ndi zithunzi za ku nyanja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anatitumizira invoisi yatsopano, ngakhale mtengo tinali titagwirizana kale ndipo za hotela zinali zitatha mu Seputembala. Tinakokanakokana, anachotsako pang'ono. Masatifiketi anachedwa miyezi, ndipo dzina la mtsikana uja analilakwitsa.

Chosoweka chachikulu ndi nkhani ya ndalama za ntchito. Kapitawo wa bekale ayenera kudziwa kuti thumba la ufa la makilogalamu 50 liyenera kutulutsa malofu angati, ola limodzi la jenereta limadya zingati, ndipo thireyi imodzi ikapserera pamafunika kugulitsa malofu angati kuti ibwerere. Popanda izi amagamula mumdima. Maphunzirowo sanazikhudze n'komwe, ndinachita kumawakhazika ndekha Loweruka masana ndi kakyuleta.

Palinso nkhani ya TEVET levy. Olemba ntchito timalipira 1 peresenti ya malipiro a antchito athu, MRA n'kutolera m'malo mwa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo TEVETA ili ndi ndondomeko yothandizira maphunziro a ogwira ntchito m'makampani amene amalipira ndalamayi. A kampani yophunzitsayi sanaitchule, nditawafunsa anangoti afufuza. Musanasayine ndi aliyense pitani nokha ku ofesi ya TEVETA mukafunse zoyenera kuchita, maphunziro asanayambe osati atatha. Mufunsenso wophunzitsayo kuti amene adzabwere kuntchito kwanu ndi ndani kwenikweni, anayang'anirapo anthu kuti, ndipo angabwere nthawi ya shifiti yanu yovuta kapena ndi wa 8 koloko mpaka 4 koloko.

Anayi aja ali kuti lero? Wa pa kauntala anatenga satifiketi n'kukapeza ntchito ku kampani ina yaikulu. Sindimuimba mlandu, malipiro amene anamulonjeza sindikanawafikira, koma wolipira maphunziro otere adziwiretu kuti izi zimachitika. Wa ku Chiradzulu anabwera yekha kudzapempha kuti abwerere ku makina, ati tulo sakupeza. Mayi aja anandilangiza kuti ndisamuone ngati wolephera, koma ndimukwezere malipiro ngati mmisiri, kuti anthu asamayese kuti njira yokwerera ndi imodzi yokha, yolamulira anzako. Tinatero, ndipo panopa akuphunzitsa anyamata awiri kukonza makina pogwiritsa ntchito kakhadi kaja. Mtsikana uja akuyang'anira zotuluka zonse pamodzi ndi madalaivala. Wa ku Ndirande akuyendetsa shifiti ya usiku. Phuma silinathe, zimenezo ndisanamize munthu, koma amatsegula kaye kaundula asanatsegule pakamwa.

Chaka chino ndili ndi ena atatu oti aphunzire. Ndawalembera a kampani ija kuti ndikufuna mayi a ku Mulanje okha, kawiri pa mwezi kolembedwa mu mgwirizano, tsiku la malamulo lija, tsiku lina la nkhani za nkhanza, mapepala a m'Chichewa, ndipo kalasi ngati ikufunika ichitikire mu holo ya tchalitchi ili pafupi ndi ife pano, nkhomaliro tiphika tokha. Andiyankha kuti hotela ndi mbali ya mtolo wawo, sangaichotse. Ndawauza kuti ndidikira mpaka kumapeto kwa mwezi, apo ayi ndikambirana ndi mayiwo pawokha, poti ndamva kuti kontirakiti yawo kumeneko ikutha.